Ceke Cikabwerera ku Banki: Kodi Nkhongole Itsimikizika Bwanji pa Bwalo?

Ambiri a ife amene tinagwirako nchito m'masitolo, m'maofesi a sukulu kapena m'magulu a alimi tikumbukira bwino tsiku limene ceke cinabwerera. Munthu wapereka katundu wake, walandira kapepala kosainidwa bwino, wakakapereka ku banki mtima uli m'malo. Patapita masiku ocepa aitanidwa, napatsidwanso kapepala kake komweko, koma tsopano kali ndi cidindo ca mau atatu a Cingerezi: "Refer to Drawer." Tanthauzo lake ndi lakuti, bwererani kwa amene anakulemberani, kuno kulibe kanthu kanu. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Masiku a maceke ali kutha. Ku South Africa mabanki analeka kuwalandira pa 31 December 2020, ndipo kuno kwathu Bank of Zambia inalengeza mu 2024 kuti maceke adzathetsedwa pang'onopang'ono, niika mwezi wa June 2026 kukhala wotsiriza. Tsono wowerenga angafunse kuti, nanga tivutikiranji ndi cinthu cimene cili kulowa m'manda? Tivutika naco cifukwa ca zimene zicitika ceke cikabwerera. Anthu awiri amene dzulo anali kudyera mbale imodzi aimirira pamaso pa woweruza, wina nati, "Uyu ali ndi nkhongole yanga," winayo nati, "Ndilibe." Mkangano wotere unalipo maceke asanabwere, ndipo udzatsala iwo atapita. Milandu ya maceke ingotionetsa poyera zimene bwalo lifuna lisanakhulupirire munthu wonena kuti anakongoza mnzake.

Ndi maiko ocepa amene akangana pa nkhaniyi monga India, ndipo ndi kumeneko kumene tifuna kupita nanu mwezi uno. Zigamulo za kumeneko sizimanga mabwalo athu. Koma anthu ake tiwadziwa tonse: makanika womanga nyumba ndalama zitamuthera, mkulu wopuma pa nchito amene akongoza anzake, wamalonda amene wabwezako pang'ono natsala ndi zina.

Lamulo ndi masiku ake

Lamulo la ku India loona za maceke ndi lakale ndithu. Linakhazikitsidwa mu 1881, dzikolo lili m'manja mwa Angerezi, ndipo dzina lake ndi Negotiable Instruments Act. Caka cotsatira ku England kunatuluka lamulo la mtundu womwewo, Bills of Exchange Act ya 1882, limene ife a ku Zambia tinalandira ngati colowa ca nthawi ya atsamunda. Kwa zaka zoposa 100, munthu wa ku India wopatsidwa ceke copanda ndalama anali kukasuma mlandu wamba wa nkhongole ndi kudikira, kupatula ngati akanatha kuonetsa kuti mnzakeyo anali ndi colinga ca kumubera kuyambira paciyambi. Kudikirako kunali kwa zaka zambiri, mwakuti amalonda anayamba kukana maceke.

Pofuna kubweza cikhulupiriro ca anthu, Nyumba ya Malamulo mu 1988 inaonjezera gawo 138, limene linayamba kugwira nchito pa 1 April 1989. Kuyambira pamenepo, kupereka ceke cimene banki yabweza cifukwa ndalama nzosakwanira kunakhala mlandu wa cilango. Poyamba cilango cinali ndende mpaka caka cimodzi. Mu 2002 anacikweza kufika zaka ziwiri. Woweruza angathenso kulamula faindi yofika kuwirikiza kawiri ndalama zolembedwa pa ceke, kapena kupereka zilango zonse ziwiri.

Koma lamulolo linamangidwa ndi masiku owerengeka, ndipo ambiri agwa pa masikuwo mlandu weniweni usanayambe. Ceke ciyenera kufika ku banki cisanathe mphamvu. Kuyambira pa 1 April 2012 ceke ca ku India cikhala ndi mphamvu miyezi itatu cabe. Banki ikacibweza, wolandira ali ndi masiku 30 oti atumize kalata yofunsa ndalama zake. Mwini ceke akalandira kalatayo apatsidwa masiku 15 oti alipire. Akalipira m'masiku amenewo, palibe mlandu. Akapanda kulipira, m'pamene mlandu ubadwa, ndipo wodandaula ayenera kuufikitsa ku bwalo m'kati mwa mwezi umodzi, pokhapo ngati ali ndi cifukwa comveka ca kucedwa kwake. Ife tiona nzeru m'masiku 15 aja. Munthu woona mtima amene anangolakwitsa kuwerengera za m'akaunti yake apatsidwa khomo lotulukira asanachedwe wolakwa.

Kuno kwathu lamulo la National Payment Systems Act la 2007 nalonso linaika cilango ca faindi kapena ndende pa maceke opanda ndalama, koma linayang'ana mtima wa wolemba: kodi anacita dala, mosaona mtima, kapena pofuna kunyenga? La ku India silifunsa zimenezo. Linena poyera kuti munthu sangadziteteze ponena kuti sanali kudziwa kuti ceke cake cidzabwezedwa. Motero woimbidwa mlandu atsala ndi malo amodzi akulu omenyerapo nkhondo, ndiwo nkhongole yeniyeniyo.

Mau ocepa amene anabala milandu yambiri

Gawo 138 ligwira ceke cokhaco cimene cinaperekedwa pobweza nkhongole, ndipo pansi pake pali mau ofotokoza kuti nkhongoleyo iyenera kukhala imene lamulo lingakakamize munthu kubweza. Malume akalonjeza mphwao mphatso ya ukwati, nalemba ceke, ceke nkubwerera, pali manyazi okhaokha. Mlandu palibe, pakuti mphatso si nkhongole. Apa mpomveka. Cobvuta ndi ici: ngati wina ati panali nkhongole ndipo wina akana, ndani ayenera kubweretsa umboni?

Gawo 139 linayankha kuti bwalo liyambe ndi kukhulupirira kuti ceke cinaperekedwa pobweza nkhongole, kufikira mwini ceke ataonetsa kuti si tero. Izi zitembenuza cizolowezi ca milandu ya cilango, m'mene woimba mlandu ndiye asenza katundu wa umboni. Oweruza ena sanakhale nazo momasuka. Mu 2008 oweruza awiri a Supreme Court, Bwalo Lalikulu Koposa la dzikolo, anagamula kuti cikhulupiriro coyambaco sicifika pa kunena kuti nkhongoleyo inalipodi mwalamulo. Oimbidwa milandu anapuma. Kupumako kunatha zaka ziwiri zokha.

Mlandu umene unasintha zinthu unacokera ku tauni ya Ranebennur m'cigawo ca Karnataka. Makanika wina anali kumanga nyumba, nalemba injiniya woyang'anira nchitoyo. Malinga ndi injiniyayo, mu October 1998 makanika anamupempha marupi 45,000 kuti apitirize kumanga, ndipo popeza anali odziwana, anamupatsa ndalamazo pamanja. Makanika analonjeza kubweza patapita caka, nalephera, napempha nthawi ina, kenaka nalemba ceke ca tsiku la 8 February 2001. Ceke citafika ku banki cinabwezedwa, cifukwa mwini wake anali atalamula banki kuti isalipire. Injiniya anatumiza kalata yofunsa ndalama zake. Yankho silinabwere.

Pa bwalo makanika anabvomera kuti saini inali yake, koma anati panalibe nkhongole iriyonse. Anati cinali ceke cosalembedwa cimene cinamutayika, ndipo injiniya anacitola nadzilembera ndalama. Woweruza wa bwalo laling'ono anamumasula. Bwalo lalikulu la Karnataka linagwetsa cigamuloco nimupeza wolakwa. Mu May 2010 oweruza atatu a Supreme Court, motsogozedwa ndi Woweruza Wamkulu K.G. Balakrishnan, anagwirizana ndi bwalo la Karnataka, nanenanso kuti cigamulo ca 2008 cinalakwitsa pa mfundo ija: saini ikabvomerezedwa, bwalo liyamba ndi kukhulupirira kuti panali nkhongole yomangidwa ndi lamulo.

Cimene cinagwetsa makanika ndi tinthu tating'ono. Polamula banki kuti isalipire, sanachule konse kuti ceke cinatayika. Ndipo atalandira kalata yomufunsa ndalama, anakhala cete. Tiyeni tidzifunse: munthu akalandira kalata yomuneneza nkhongole imene saidziwa, pa ceke cimene iye akhulupirira kuti cinabedwa, kodi angapinde kalatayo ndi kuiika pansi pa mphasa? Nkhani ya kutayika inaoneka ngati yopeka pambuyo. Taonaninso nthawi: ndalama zinaperekedwa mu 1998, mau otsiriza anabwera mu 2010. Nyumba ija inali itakalamba kale.

Komabe oweruza omwewo sanatseke khomo. Anati woimbidwa mlandu safunika kutsimikiza mau ake kotheratu monga boma licitira pa mlandu wa kuba kapena kupha. Kungokwanira kuti aonetse kuti mbali yake ndi yotheka ndi yomveka, mwakuti munthu wanzeru angakayike ngati nkhongole inalipodi. Angacite zimenezi ngakhale osaimirira yekha kupereka umboni, pongogwiritsa nchito mau ndi mapepala a wodandaula mwini. Akatero, katundu wa umboni ubwerera pa mutu wa wodandaula.

Kusaina pepala loyera

Cizolowezi ca okongoza ndalama ambiri ndico kufuna ceke cosainidwa koma cosalembedwa ndalama, kuti cikhale cikole. Wokongola, popeza ali pa moto, asaina. Kodi ceke cotere cingamuike m'ndende?

Mu February 2019 Supreme Court inaweruza mlandu wocokera ku Haryana, wa ceke ca marupi 1,500,000. Wodandaula anati inali nkhongole ya pa cinansi. Mwini ceke anati wodandaulayo anali munthu womuthandiza pa za msonkho, ndipo anamupatsa ceke cosalembedwa kuti akamulipirire msonkho, iye nacisandutsa cake. Bwalo lalikulu la Punjab ndi Haryana linamva cifundo ndi mau amenewa nimumasula. Koma oweruza R. Banumathi ndi Indira Banerjee anabweza cigamulo ca kulakwa. Anati munthu akasaina ceke mwa kufuna kwake nacipereka kwa wina, zilibe kanthu kuti ndalama ndi tsiku zinalembedwa ndi dzanja lina. Cikhulupiriro coyamba cija cikhalapobe, kufikira iye atabweretsa umboni wakuti panalibe nkhongole, kapena kuti anaopsezedwa, kapena kuti ceke cinabedwa.

Pa malamulo cigamuloci ncoongoka. Pa moyo wa anthu osauka ncolemera, ndipo sitibisa kuti citidetsa nkhawa. Amene asaina mapepala oyera kawirikawiri si amalonda akulu okhala ndi maloya. Ndi mai wofuna ndalama za cipatala usiku, ndi bambo wothamangira fizi ya mwana. Akakongola 5,000, wokongoza nalemba 50,000, adzapeza kuti umboni? Tonse amene tidziwa za kaloba m'makomboni mwathu tidziwa kuti wokongoza ndiye asunga mapepala onse, ndipo wokongola apita kwao ndi ndalama zokha. Ceke ca cikole naco si kapepala wamba: mu 2021 bwalo lomwelo linanena kuti tsiku lobweza likakwana ndipo nkhongole sinabwezedwe, wokongoza ali ndi ufulu wa kupita naco ku banki, ndipo cikabwerera gawo 138 ligwira nchito.

"Ndalamazo munazipeza kuti?"

Miyezi iwiri cabe pambuyo pa mlandu wa ku Haryana, mu April 2019, bwalo lomwelo linaonetsa kuti wokongoza nayenso angagwe, angakhale ali ndi ceke cosainidwa m'manja.

Mlanduwu unacokeranso ku Karnataka. Mkulu wina anati anakongoza mnzake marupi 600,000 pamanja, ndipo ceke cobwezera, ca mu February 2012, cinabwerera. Saini sinakanidwe. Koma loya wa woimbidwa mlandu anayamba kufunsa mkuluyo mafunso ofatsa. Munapuma liti pa nchito? Mu 1997. Munalandira zingati popuma? Marupi 800,000. Kenaka kunaoneka kuti pakati pa 2009 ndi 2011 mkuluyo anali atatulutsa ndalama zokwana pafupifupi 1,800,000 pa nkhongole ndi mapangano osiyanasiyana. Munthu amene anapuma zaka zoposa khumi zapitazo ndi 800,000, anazipeza kuti zonsezi? Yankho lomveka panalibe. Atafunsidwa ngati cekeco sicinali ca nkhongole ina yaing'ono ya marupi 25,000, iye anati sakumbukira.

Oweruza Ashok Bhushan ndi K.M. Joseph anati mafunso amenewa anakwanira kudzutsa cikayiko, ndipo popeza mkuluyo sanathe kuonetsa kuti anali ndi mphamvu ya kukongoza ndalama zotere, woimbidwa mlandu anamasulidwa, monga bwalo laling'ono linali litagamulira poyamba.

Mwina mkulu uja anali kunena zoona. Mwina anali ndi munda, kapena ana omutumizira, kapena ndalama zosungidwa m'nyumba zimene sanafune kuti a msonkho azidziwe. Bwalo silinanene kuti iye ndi wabodza, linati sanatsimikize. Kusiyana kwa ziwirizi ambiri a ife sitikumva kufikira tsiku limene tiimirira tokha m'bokosi la mboni. Munthu angathe kukhala ndi coonadi conse mumtima, natuluka pa bwalo cimanjamanja, cifukwa woweruza sanalipo tsiku limene ndalama zinawerengedwa pa tebulo.

Apa tionjezepo kanthu kamodzi. Lamulo la msonkho la ku India liletsa kulandira nkhongole ya marupi 20,000 kapena kuposa pamanja. Iyenera kudzera ku banki. Ena anayesa kuthawira pamenepo, nati nkhongole ya pamanja yoposa malirewo ndi yoswa lamulo, tsono siingafunsidwe pa bwalo. Mu September 2025 Supreme Court inakana nzeru imeneyi. Kuswa lamulo la msonkho kuli ndi cilango cake, koma sikufafaniza nkhongole.

Nkhongole zimene lamulo likana

Pali ndalama zina zimene munthu angalonjeze, nasaina, koma bwalo silingamukakamize. Lamulo la mapangano la ku India la 1872 liyesa pangano la njuga lopanda mphamvu, cimodzimodzinso pangano liri lonse la colinga coletsedwa, monga ziphuphu. Ceke colipira zotere cikabwerera, wocilandira alibe pogwira. Mu 2014 bwalo linaonjeza mtundu wina: kampani inapereka maceke ngati malipiro a patsogolo a zipangizo za ndege, kenaka nithetsa oda zipangizozo zisanaperekedwe. Oweruza anati pa nthawi yolemba macekewo panalibe nkhongole. Ngati wogulitsa anataya kanthu, akasume mlandu wamba wa kuswa pangano.

Koma cimene cidabwitsa anthu athu koposa ndi nkhani ya nthawi. Kumudzi timati mlandu suola. Ng'ombe imene agogo anakongola, adzukulu angaifunsidwe pa bwalo la mfumu, ndipo palibe wodabwa. M'malamulo olembedwa mlandu wa nkhongole uola ndithu. Ku India wokongoza ali ndi zaka zitatu zoti asume, malinga ndi lamulo la 1963. Kuno kwathu, potsata lamulo la ku England la 1939 limene tinalandira, nkhongole ya pangano wamba ili ndi zaka zisanu ndi cimodzi. Zikatha, nkhongole ikhalapobe pa cikumbumtima ca wokongola, koma bwalo silithandizanso. Kuleza mtima kumene tiyamikira mwa mnansi wabwino, kuja kwakuti "musadandaule, mudzabweza mukakolola," kungathe kumudyera ufulu wake iye osadziwa. Mwai wake ndi wakuti wokongola akabvomera nkhongoleyo m'kalata yosainidwa, masiku ayambanso kuwerengedwa. Ndico cifukwa cake mabwalo a ku India akhala akukangana ngati ceke colembedwa pa nkhongole yakale cingayesedwe lonjezo latsopano la kubweza.

Wabwezako pang'ono

Mlandu umene watiphunzitsa zambiri unacokera ku Gujarat, cigawo cimene makolo a mabanja ambiri a amalonda a ku Chipata anacokera. Mu January 2012 munthu wina anakongoza mnzake marupi 2,000,000, nalandira ceke ca ndalama zonsezo. Pakati pa April 2012 ndi December 2013 wokongola anabwezako pang'onopang'ono, zonse pamodzi 409,315. Mu April 2014 wokongoza anapita ndi ceke cija ku banki monga cinaliri, ca 2,000,000. Cinabwerera. Iye analemba kalata yofunsa 2,000,000 yonse, osachula zimene anali atalandira kale, kenaka nasuma.

Aliyense womva nkhaniyi angati wokongola ndiye wolakwa, pakuti anali adakali ndi nkhongole yoposa 1,500,000 ndipo m'akaunti yake munalibe ndalama. Koma mabwalo onse atatu anamumasula. Pa 11 October 2022 oweruza D.Y. Chandrachud ndi Hima Kohli anafotokoza cifukwa. Ceke ciyenera kuimira nkhongole yeniyeni pa tsiku limene cifika ku banki. Pa tsikulo nkhongole sinali 2,000,000 ai, inali itatsika. Tsono ceke cinali kufunsa ndalama zimene wokongoza analibenso ufulu wa kuzilandira zonse, ndipo kubwerera kwa ceke cotere si mlandu wa gawo 138. Lamulo la 1881, pa gawo 56, linali litaika kale njira: wolandira gawo la ndalama alembe pa ceke comweco kuti walandira zakuti, ndipo ceke cikhala ca zotsalazo. Mzere umodzi wa bolopeni ukanasunga mlandu wake.

Kaya anaiwala, kaya anayesa kukolola kawiri, zotsatira zake nzimodzi: zaka zisanu ndi zitatu za maulendo a ku mabwalo ndi malipiro a maloya zinapita pacabe. Cigamuloci sicinakhululukire wokongola ndalama zotsala. Cinangoti ndodo ya ndende siingagwiritsidwe nchito ndi munthu amene wafunsa zoposa zake.

Mabwalo odzaza

Lamulo limene linapangidwa kuti lifulumize zinthu linadzaza mabwalo mpaka pakhomo. Pa 31 December 2019, mwa milandu ya cilango pafupifupi 23,100,000 imene inali kudikira m'mabwalo a India, yoposa 3,500,000 inali ya maceke obwerera. Mu 2018 Nyumba ya Malamulo inali italola woweruza kulamula mwini ceke kulipiratu mpaka magawo 20 pa 100 alionse mlandu usanathe, ndalama zimene zibwezedwa kwa iye akamasulidwa. Mu April 2021 oweruza asanu, motsogozedwa ndi Woweruza Wamkulu S.A. Bobde, anapereka malangizo ofulumizitsa milanduyi, ndipo mu 2022 bwalo linalamula kuti m'zigawo zisanu ayeseko mabwalo apadera okhala ndi oweruza opuma pa nchito.

Mu June 2020 Unduna wa Zacuma unafunsa maganizo a anthu ngati nkwabwino kucotsa cilango pa maceke obwerera kuti ukhalenso mlandu wamba. Maloya ndi amalonda ambiri anakana, ndipo ganizolo silinapite patali. Funso lake komabe ndi lolemera. Pangano la maiko la 1966 la ufulu wa anthu, limene India ndi Zambia anabvomereza, linena pa gawo 11 kuti munthu asaikidwe m'ndende pa cifukwa cokha cakuti walephera kukwaniritsa pangano. Oteteza gawo 138 ayankha kuti cilango si ca umphawi, ndi ca kupereka pepala lonama. Ife tiona kuti yankholi likwanira pa munthu wa cinyengo, koma licepa pa mlimi amene analemba ceke ca mwezi wa mawa akuyembekeza mvula imene sinabwere. Ndipo poona kuti lamulo lilola awiriwo kugwirizana ndi kuthetsa mlandu ndalama zikalipidwa, nkobvuta kukana kuti bwalo la cilango lasanduka ofesi yotolera nkhongole.

Kwathu kuno, ceke citapita

Ceke, ndi zobvuta zake zonse, cinali kucitira wokongoza cinthu cimodzi cacikulu: cinali ndi dzina, tsiku, ndalama ndi saini ya wokongola pa pepala limodzi. Cikacoka, nkhongole zambiri za pakati pa anansi, za m'cilimba ndi za m'magulu osunga ndalama zitsala pa mau a pakamwa, pa kabuku ka mlembi wa gulu, ndi pa foni.

Nkhongole ya pakamwa ndi nkhongole ndithu, ndipo bwalo la nkhongole zazing'ono, Small Claims Court, kumene munthu adzilankhulira yekha popanda loya, lingathe kuimva. Koma pamenepo wokongoza alibe ceke comuyambira umboni. Katundu wonse uli pa iye. Mafunso adzakhala omwe aja anafunsidwa ku Karnataka ndi ku Gujarat. Munapereka liti? Panali ndani? Munagwirizana kuti adzabweza liti? Wabwezako zingati, ndipo munalemba pati? Kapepala ka m'kope la mwana wa sukulu, kokhala ndi tsiku, ndalama m'manambala ndi m'mau, tsiku lobweza, saini za onse awiri ndi za mboni, kayankha mafunso anai oyambawo, malinga ali yense asunge kake ndipo zobwezedwa zilembedwe pa mapepala onse awiri tsiku lomwelo.

Ambiri akhulupirira kuti uthenga wa pa foni ukwanira. Uthengawo uonetsadi kuti K2,000 inacoka pa nambala iyi kupita pa nambala iyo, pa tsiku lakuti ndi ola lakuti. Sunena ngati inali nkhongole, kapena mphatso ya pa maliro, kapena malipiro a matumba a feteleza amene anatengedwa caka catha. Wolandira akati, "Anandipatsa cabe, ndi mlamu wanga," woweruza adzatembenukira kwa wotumiza ndi kufunsa ngati pali uthenga wina, wotumizidwa tsiku lomwelo kapena pambuyo pake, m'mene mlamuyo analemba ndi cala cake kuti adzabweza.